Tsigiro la mthiko

Mthiko umene amayi anga anapatsa mkazi wanga tsiku lomwe tinkanyamuka pa Chileka ndi wamfupi tsopano. Unafupika ndi masentimita 11. Ndinaudula ndine, usiku wina mu Febuluwale, ndi kasowo kakang'ono, chitseko cha kukhitchini nditatseka bwinobwino. Chidutswacho lero chili kumchira kwa chombo cha matanga, pa tebulo la madala a m'nyumba ya pansi pathu ku Gillingham, ku England kuno. Nkhaniyi ndaisimbapo kangapo pa macheza, anthu n'kumaseka, inenso n'kumaseka nawo. Koma ndikakhala ndekha pa shifiti ya usiku imandibwerera mwa mtundu wina, ndiye ndati bola ndiilembe.

## Manja obwereka

Madalawa tinadziwana chifukwa cha zinyalala. M'mawa wina ndikuchokera ku ntchito, maso ali psuu, ndinawapeza akulimbana ndi bini pa masitepe. Ndinawakokera mpaka kumsewu. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Mwezi usanathe anandiitanira tiyi.

Ndi mzungu wa zaka zopitirira 80, akazi awo anatsogola. Mphamvu zawo zonse anathera pa doko la Chatham, kumene ankakhoma ndi kukonza zombo za asilikali a pamadzi. Anali kalipentala mpaka boma linatseka dokolo mu 1984, ndipo chaka chimenechi amachitchula ngati akutchula tsiku la maliro.

Pa tebulo lodyera panali chinthu chachitali chofunditsidwa nsalu ya pabedi. Atavundukula ndinaona ngati minga ya chambo chachikulu chimene anthu amaliza kudya: msana wa pulayiwudi, nthiti zitandanda, timatabwa towerengeka titamatidwa kunsi. Anati ndi chifaniziro cha chombo chotchuka cha matanga, Cutty Sark. Anachiyamba akazi awo akadali moyo, kenako manja anayamba kunjenjemera. Kapu amaigwira ndi manja awiri, komabe tiyi wina amathera m'sosala.

"Maso ndikadali nawo, mutunso ukugwira," anatero. "Anandithawa ndi manja. Iwe mnyamata, manja uli nawo?"

Ndili ndi zaka 41 ndi ana awiri, koma kwa iwo ndine mnyamata. Ndinati, "Bambo, ine zimene ndinapangapo ndi magalimoto a mawaya ku Luchenza." Anafunsa ngati ankakhota. Ndinati ankakhota ndithu, sitiyelingi yake inkandifika m'chiuno. Anati basi, ntchito wapeza.

## Chombo cha tiyi

Ine wokulira m'minda ya tiyi, amayi atathyola masamba ku Thyolo mpaka msana kupindika, sindinkadziwa kuti kunali zombo zimene zinkapikisana kuthamangitsa tiyi. Ndinazimva kwa madala pang'onopang'ono tikamadikira guluu kuti aume, poti pa ntchito imeneyi kudikira n'kochuluka kuposa kugwira.

Cutty Sark anachikhoma ku Dumbarton, m'mbali mwa Clyde ku Scotland, mtsinje womwe uja umadutsa pa Blantyre wa kwawo kwa Livingstone. Chinalowa m'madzi pa 22 Novembala 1869. Mwini wake, John Willis, ankafuna chombo cha liwiro loposa zonse, chifukwa tiyi woyamba kufika ku London kuchokera ku China ndiye ankagulidwa mokwera. Tsoka lake, kutangotsala masiku asanu kuti chilowe m'madzi, ngalande ya Suez inatsegulidwa. Sitima za malasha zinapeza njira yachidule, za matanga n'kutsala zikuzungulirabe Africa yense kudzera ku Cape. Tiyi chinanyamula maulendo 8 okha, womaliza mu 1877, ku Mulanje kusanaoneke ndi munda umodzi womwe. Kutchuka kwenikweni kunabwera ndi ubweya wa nkhosa wa ku Australia: mu 1885, kaputeni Richard Woodget anachiyendetsa masiku 73 kuchokera ku Sydney kukafika ku England.

Chathu ndi cha sikelo ya 1:75. Thupi la chenichenicho ndi pafupifupi mamita 65, lathu masentimita 86, ndipo ukaika mtengo wotuluka kumphuno chimapitirira mita. Madala anandiuza kuti ndidule kamunthu ka pepala kotalika masentimita awiri ndi pang'ono, ngati mtedza wosasenda, n'kukaimika pamwamba. Kamunthu kameneka ndiye kanali kapitawo wathu. Ndikasiya thabwa litatukuka ndi milimita imodzi, ankakasuntha n'kukafikitsa pomwepo.

"Kwa iwe ndi milimita. Kwa uyu ndi masentimita 7 ndi theka. Usiku, mvula ikugwa, wapunthwa pamenepa, wagwera m'nyanja. Wapha munthu."

## Nthochi

Ntchito yaikulu miyezi yoyamba inali kuveka nthiti matabwa. Usanamate kalikonse umayamba wakwecha m'mphepete mwa nthiti zonse ndi sandipepa womata pa kathabwa, mpaka kamzere ka thabwa ukakagoneka kakhudze nthiti iliyonse popanda mpata. Timatabwa take ndi topyapyala, mamilimita asanu m'lifupi. Timati tikatinyika m'fulasiki ya madzi otentha, kenako n'kutipinda pa chitsulo chotentha chowotcherera mawaya, ndiye timagwira mpindo osathyoka. Pamimba pa chombo ndi potakata, kumphuno n'kopanikizika, choncho thabwa lililonse umalisongola kumapeto, apo ayi matabwa 20 amene akwana pakati sakwana kutsogolo. Ukamata umakhoma timapini, n'kudikira mpaka mawa.

Fumbi limawatsokomoletsa madala, ndiye nthawi zina chombo ndinkakwera nacho kwathu. Loweruka lina ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinamata matabwa asanu ndi limodzi motsatizana, onse mbali ya kumanja, ndipo ankaoneka bwino kwabasi. Nditatsika nacho anachinyamula, n'kutseka diso limodzi, n'kuchiyang'ana kuchokera kumphuno ngati mlenje akuchalira mfuti.

"Wandibweretsera nthochi."

Thabwa lonyowa likamauma limakoka. Asanu ndi limodzi akakoka mbali imodzi, msana umapotoka. Lamulo lake ndi limodzi kumanja, limodzi kumanzere, ndipo anali atandiuza kale. Sanakalipe. Anangondipatsa lezala ndi kapu ya madzi otentha, n'kukhala phee akundiyang'ana ndikumatula ntchito ya tsiku lonse. Kukalipa bola. Tsiku limenelo ndinakwera masitepe ndikudziuza kuti munthu uyu sindidzamulakwiranso.

## Zidutswa zitatu

Mawu akuti tsigiro ndinkangowamva kutchalitchi. Ndi thabwa lija limakhala kumchira kwa chombo, m'madzi, lolumikizidwa ku chiwongolero. Likapendekera uku, chombo chonse chimakhotera uku. Lathu linali lopangidwa kale. Madala analisema okha pa mtengo wa walnut, n'kulikhomera timahinjesi ta mkuwa, ndipo ankalisunga m'kabokosi ka machesi aakulu, litakulungidwa ndi thonje. Anandiuzapo kuti chimenechi ndi chinthu chomaliza chimene manja awo anapanga asanawagalukire.

Analipereka kwa ine kuti ndikaboole malo a mahinjesi pa chombo. Ndinaweruka mashifiti atatu a usiku otsatizana, m'malo mogona ndinakhala pa tebulo. Sindikudziwa kuti linagwa nthawi yanji. Chimene ndinamva ndi kulira kwake, nditakoka mpando n'kukhalanso. Thyoo! Zidutswa zitatu, hinjesi imodzi itaphwatalala.

Ndinayesa guluu. Linagwira, koma mng'alu unadutsa pa mahinjesi pomwe, ndipo ukangoligwedeza linkatsegukanso.

Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi. Ndinabisa milungu itatu. Ndinkati ndatanganidwa, mwana wadwala, ntchito yachuluka. Ndikamva chitseko chawo chikutseguka ndinkaima pa masitepe osapuma mpaka chitsekeke. Bini ndinkawakokera m'bandakucha ngati wakuba.

Amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba kuno mundimvetsa. Chilichonse chimalembedwa. Gogo waterereka, fomu. Piritsi lachedwa, fomu. Ndipo visa yako inamangiriridwa kwa amene anakulemba ntchito. Akakusiya umapatsidwa masiku 60 kuti upeze wina, apo ayi longedza. Umazolowera kuyenda monyang'ama, kumwetulira, kupepesa usanalakwe. Sindinkadziwa kuti mantha amenewo ndimaweruka nawo, mpaka analowa pakati pa ine ndi nkhalamba imene ilibe fomu, ilibe ofesi, imangofuna kuona chombo chake chitatha isanafe.

Usiku wa mthikowo ndinali nditafufuza nyumba yonse. Mashelefu a kuno ndi utuchi womata, sungaseme. Thabwa la pansi pa bedi ndi paini, wofewa ngati chinangwa. Ndikutsuka kapu ndinauona uli m'chitini pamodzi ndi chipande. Wakuda, wolimba, wouma ndi moto wa zaka zambiri, poti amayi anaphikira kaye asanaupereke. Agogo ankatiopseza kuti mwamuna akanyambita mthiko amamera mabere. Za wodula mthiko sananenepo.

Ndinadula kogwirira. Ndinang'amba chidutswacho pakati ndi mpeni wa nyama ndi hamala, n'kuyamba kupala ndi tupa, lothyoka lija lili pambali ngati chitsanzo. Mtengowo unkabweza tupa. Usiku utatu ndinapala, mpaka linatsala mamilimita asanu kukhuthala. Mahinjesi ndinadula pa kachitsulo ka mkuwa kotsala m'bokosi. Mthikowo ndinauzunguliza kumapeto, n'kuupaka mafuta ophikira kuti pasaoneke poyera, n'kuubwezera m'chitini.

## Lachiwiri masana

Ndinatsika nalo lili m'kabokosi komwe kaja, m'thonje momwe muja. Chimene ndinkayembekeza sindikuchidziwa. Kuti munthu amene wagwira matabwa zaka 60 asazindikire?

Anatsegula. Sanalitulutse msanga. Kenako analiika pa chikhatho, dzanja likunjenjemera, n'kuliyeza kulemera. Analitembenuza, n'kukanda ndi chikhadabo. Mapeto ake analifikitsa pamphuno.

"Uwu si walnut."

"Ayi, bambo."

"Ukununkha utsi."

Ndinaulula zonse, kuyambira mpando mpaka mafuta ophikira. Mthiko sankaudziwa, ndiye ndinachita kuwaonetsa ndi manja mmene amavundulira nsima. Ndinatulutsa zidutswa zitatu zija m'thumba n'kuziika pa tebulo. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Wotchi ya pakhoma ndinkaimva kugunda kulikonse. Anazisonkhanitsa ndi chala, n'kuziika m'thumba la shati.

Kenako mapewa anayamba kugwedera. Ndinkayesa akulira. Ankaseka, kuseka kopanda mawu, mpaka kunasanduka chifuwa ndipo ndinathamangira madzi.

"Khala pansi," anatero. "Za 1872 sindinakuuze?"

Chaka chimenecho Cutty Sark ndi mdani wake, chombo chotchedwa Thermopylae, zinanyamuka limodzi ku Shanghai mu Juni, zonse zitadzaza tiyi. Zitalowa m'nyanja ya Indian, Cutty Sark chinali patsogolo ndi mamailo 400. Mu Ogasiti, chakufupi ndi gombe la South Africa, namondwe anazula tsigiro n'kupita nalo. Mchimwene wa mwini chombo anali momwemo, ndipo analamula kuti akakocheze ku Cape Town. Kaputeni George Moodie anakana. Kalipentala wa m'chombomo, Henry Henderson, anatenga mitengo yosungira ya matanga ndi zitsulo zimene zinapezeka, n'kuyamba kupanga tsigiro lina pakati pa nyanja. Anakoleza mbaula yosulira zitsulo pamwamba pa chombo, mafunde akuchikankha uku ndi uku. Mbaulayo inagubuduzika, makala n'kuwotcha mwana wa kaputeni amene ankaphunzira ntchito momwemo. Masiku asanu ndi limodzi anamaliza. Chinafika ku London patatha masiku 122, sabata imodzi yokha m'mbuyo mwa Thermopylae. Mpikisano chinaluza, koma nkhani imene anthu ankakamba pa madoko inali ya tsigiro, ndipo Willis anapatsa Henderson mapaundi 50.

Madala ankasimba ngati analipo. Anati pa doko la Chatham kalipentala aliyense ankaidziwa nkhaniyo, chifukwa kawirikawiri amatchuka ndi makaputeni, wa matabwa ayi.

"Ndiye chombo ichi chinayendapo kale ndi tsigiro la zotolatola," anatero. "Pa zonse zili pa tebuloli, ichi chokha ndiye chafanana ndi mbiri yake."

Mtima unayamba kutsika. Koma sanathere pomwepo.

"Chandipweteka ndi milungu itatu. Iwe milungu itatu uli nayo yambiri. Ine ndilibe yotaya. Ndinkamva mapazi ako pa masitepe, ukuima. Ndimayesa ndakulankhula mopweteka, kapena watopa ndi nkhalamba. Kuntchito kwathu wothyola chinthu sitinkamuopa, poti aliyense ankathyola. Tinkaopa wobisa, chifukwa chombo chikapita kunyanja ndi mng'alu wopakidwa penti, amamira ndi ana a eni."

Ndinalibe choyankha. Ndinangoti, "Pepani, bambo," ndipo kanali koyamba m'dziko lino kupepesa ndikudziwa chimene ndikupepesera.

Anatenga kachipangizo koyezera kukhuthala, n'kundiuza kuti ndipanikize tsigirolo kumbuyo. Anaweramira manambala.

"Kumbuyoku n'konenepa. Madzi azichoka mosalala, osati kugunda khoma. Chotsa theka la milimita mbali zonse. Ndipo akazi ako akudziwa?"

Ndinati ayi.

"Henderson analandira mapaundi 50. Iwe ulandira zina."

## Mlandu wa kukhitchini

Sindinachite kuulula, nsima inandiululira. Madzulo a Lachinayi phala likubwata linamudumphira pa dzanja. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mthiko, n'kuuimika pa tebulo pafupi ndi chipande, poti kale zinkalingana.

"Bambo a ana, tabwerani kuno. Mthiko umafupika wokha?"

Ndinafotokoza za Shanghai, za namondwe, za Henderson. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Hendersoniyo anadula mthiko wa apongozi a mkazi wake?"

Masiku awiri tinkalankhulana kudzera mwa ana. Chinamuwawa sichinali mtengowo. Anati mukanandipempha ndikanakupatsani, mwinanso ndikanakugwirirani podula. Koma mafuta ophikira aja, kupaka kuti ndisaone, ndiye mwanditenga ngati chitsiru m'khitchini mwanga momwe. Sabata imodzi, milandu iwiri, ndipo wachiwiri unali womwe uja woyamba.

Lamlungu anaphika nsima ndi nkhuku, n'kuika ina m'mbale yovundikira. Anati tiyeni, ndikaone kumene kunapita katundu wanga. Madala anadya ndi foloko, ife n'kungoyang'ana kumbali.

Kuchokera pamenepo ntchito inasintha. Kale ndinkaiona pulani ngati chikalata cha boma, ine wongobwereketsa manja. Tsopano tikasowa kanthu timapanga. Timapampu ta madzi tinapanga ndi waya wa m'chingwe chakale cha ayironi, mmene ndinkapindira magalimoto a ku Luchenza. Ndikathyola chinthu ndimatsika nacho tsiku lomwelo. Ndathyola kale mlongoti wa pamwamba kawiri.

## Greenwich

Mu Meyi tinapita tonse kukaona chenichenicho, madala ali pa njinga yokankha. Chakhala pa mtunda ku Greenwich, mu London, kuyambira 1954. Moto unachigwira mu Meyi 2007 chili mkati mokonzedwa, mwayi wake matabwa ambiri anali atachotsedwa kale n'kusungidwa kwina. Pochitsegulanso mu 2012 anachikweza m'mwamba mamita atatu, ndiye munthu umayenda kunsi kwake, mimba yonse yokutidwa ndi chitsulo chonyezimira cha mkuwa wosakaniza ndi zinki ili pamutu pako.

Ndinaima pamenepo ndikuwerenga mizere ya matabwa ndi maso, kuona mmene ikupanikizikira kumphuno. Zinthu zimene ndinavutika nazo ndi lezala pa tebulo, anthu anazichita ndi matabwa a teak ndi elm pa nthiti zachitsulo. Chinadutsa m'manja ambiri chombochi. Mu 1895 anachigulitsa kwa Apwitikizi, amene anachitcha Ferreira, ndipo chinkanyamula katundu mpaka ku Angola ndi ku Mozambique. Mu 1916 chinathyoka milongoti chakufupi ndi Cape, n'kukakonzedwa ku Cape Town konkuja kumene Moodie anakana kukocheza. Mu 1922 kaputeni wina wopuma, Wilfred Dowman, ndiye anachigula n'kuchibweza kwawo.

Mkazi wanga zonsezi analibe nazo ntchito. Anatisiya n'kulunjika kumchira. Tinamupeza atakweza mutu, akuyang'ana tsigiro lalitali kuposa nyumba yathu ya ku Luchenza.

"Ndiye mthiko wanga ndi umenewu?"

Madala anapempha kuti ndiwatanthauzire. Atamva anati, "Auzeni mayi kuti wawo ndi wa mtengo wabwino kuposa uwu."

Panopa tili pa zingwe. Chenichenicho chinali ndi zingwe zokwana mamailo 11, ndipo ife tikumanga timakwerero ta ulusi timene amalinyero ankakwerera ku milongoti, mfundo imodziimodzi ndi kachopanira, ulusi titaupaka phula la njuchi kuti usachite cheya. Madala amawerenga, ine ndimamanga. Mimba ya chombo tinaikuta ndi timapepala ta mkuwa, koma tsigiro analamula kuti likhale lamaliseche, lakuda choncho, ngakhale pulani ikukana. Zidutswa zitatu za walnut zija tinazitsekera mkati mwa chombo tisanakhome pamwamba.

Mthiko watsopano unabwera m'sutikesi ya munthu wa kutchalitchi, wogula mu msika wa Limbe, koma mkazi wanga akuphikirabe wamfupi uja. Sabata yatha madala anadzadya kwathu. Tikukamba zoti timabwato topulumukira ta m'bokosi ndi tapulasitiki ndipo sitikuwasangalatsa, maso awo anatera pa chipande, n'kuyamba kuchitembenuza, akuyeza kuya kwake ndi chala. Mkazi wanga anachilanda osalankhula. Pano chimagona m'dilowa ya kuchipinda.